Khadi la Ubatizo Limene Silinali Langa

Ndinafika ku Nairobi ndi chikwama chimodzi cha zovala ndi envulopu ya khaki imene amayi anaikulunga m'jumbo kuti isanyowe. Mu envulopumo munali makalata a sukulu, kalata ya bambo mfumu, wansembe wamkulu wa parishi ya kwathu ku Ntcheu, ndi khadi langa la ubatizo. Khadilo linali lachikasu, lothetheka m'mbali, lokhala ndi mzere wakuda pakati pamene linkapindidwa. Ndi khadi limenelo ndinalandira Ukaristia woyamba, ndi lomwelo ndinalandira sakramenti la ulimbitso, ndi lomwelonso ndinalowa m'seminale. Panalibe tsiku limene ndinalikayikirapo.

Chipani cha ansembe chimene ndinalowa chinkatumiza anyamata ake ku Karen, dera la m'mbali mwa mzindawo, kuti akamalize maphunziro a zaumulungu. Nyumba yathu inali kumapeto kwa kamsewu ka dothi lofiira, pakati pa mipanda italiitali ya maluwa aminga imene imabisa nyumba za anthu opeza bwino. Amalawi tinali awiri, koma mnzangayo anabwerera kumudzi m'chaka chachiwiri, ndiye Chichewa ndinkachilankhula Lamulungu lokha, pafoni ndi amayi. Kuti munthu akapeze minibasi yopita m'tauni, imene kumeneko amati matatu, ankayenda theka la ola, choncho sitinkatuluka kawirikawiri. Zaka zitatu zinatha motero: belu, Misa, tiyi amene kumeneko amati chai, kalasi, kumunda kukapalira ndiwo zamasamba zotchedwa sukuma, belu.

Chaka chachinayi ndicho tinkayenera kulandira udikoni, gawo lomaliza munthu asanadzozedwe unsembe. M'chaka chimenecho tinali ndi phunziro la mbiri ya unsembe pakati pa Aisraeli akale. Ankatiphunzitsa anali asisitere ena achikulire a ku Kenya konko, oyenda ndi ndodo, a mawu otsika moti okhala kumbuyo ankasendeza mipando. Sankabwera ndi zolemba. Ankangonyamula Malemba a Chihebri a chikuto chong'ambika, n'kuwaika patebulo.

Tsiku loyamba anatifunsa kuti wansembe woyamba wa Aisraeli anali ndani. Tonse tinatchula munthu mmodzi, mkulu wake wa mneneri uja amene anawatulutsa ku Igupto.

"Nanga iyeyo asanabadwe, anthu sankapereka nsembe?" anatifunsa. "Nkhosa ankaipha ndani?"

Anatiwerengetsa nkhani za makolo oyamba a mtunduwo. Paliponse pamene ankamanga mahema, ankaunjika miyala n'kupha chiweto okha. Panalibe mkanjo, panalibe mafuta, panalibe amene anawasanjika manja. Bambo wa pabanja ndiye ankaimirira pakati pa ana ake ndi Mulungu, chifukwa panalibe wina woti aimepo. Anatisonyezanso nkhani ina yaifupi imene ambirife tinkangoidumpha, ya mayi amene anatola mwala wakuthwa ali paulendo n'kuchita yekha mwambo wa mdulidwe pa mwana wake, imfa ili pafupi ndi banja lake.

"Palibe pamene palembedwa kuti wina anamufunsa za chilolezo," anatero asisitere, n'kutseka buku.

Masabata otsatira tinafika pa nthawi imene Aisraeli anali atakhazikika m'dziko koma alibe mfumu. Tinawerenga za munthu wina wa kumapiri amene anamanga kanyumba kopembedzeramo pakhomo pake, n'kuika mwana wake kukhala wansembe. Kenaka panadutsa Mlevi wina, munthu wa fuko lodziwika ndi ntchito za chipembedzo, woyendayenda wofuna pokhala, ndipo mwini nyumba anamulemba ntchito, kumulonjeza chakudya ndi zovala. Pambuyo pake kunabwera gulu la anthu ankhondo, linamunyengerera Mleviyo kuti kuli bwino kutumikira fuko lonse kusiyana ndi banja limodzi, ndipo iye ananyamuka nawo mokondwa. Tinaseka kwambiri, poti aliyense wa ife ankadziwa wansembe wina amene anasiya parishi ya kumudzi mosangalala chotero. Asisitere anatilola kuseka. Titatha anatiuza kuti pa nthawiyo anthu ankakonda Mlevi monga mmene munthu amakondera mmisiri wodziwa ntchito, koma lamulo loti akhale Mlevi yekha linali lisanalimbe. Ndipo ntchito yaikulu ya wansembe sinali kupha ziweto ayi. Ankasamala malo opatulika, ankaphunzitsa malamulo, ndipo munthu akabwera ndi funso lomuvuta, ankamuchitira maere opatulika kuti amve yankho la Mulungu.

Kenaka kunabwera mafumu, n'kumangidwa kachisi ku Yerusalemu. Mfumu inkatha kukweza wansembe uyu n'kuthamangitsa uyo kuti azikalima kwawo. Patapita mibadwo ingapo mfumu ina inagumula malo onse opembedzera a m'midzi ndi m'mapiri, n'kusonkhanitsa ansembe akumidzi ku likulu. Anthu amene makolo awo anatumikira malowo kuyambira kale anapezeka akudya buledi pamodzi ndi abale awo a m'tauni, koma osaloledwa kukwera paguwa. Mnzathu wina wa ku Congo ananong'ona kuti ndiye anasanduka makatekisti. Apo asisitere sanaseke. Ankatikumbutsa kawirikawiri kuti nkhanizi zinalembedwa ndi manja ambiri pa nthawi zosiyana, ndipo akatswiri sagwirizana pa ndondomeko yake yonse. Koma chimene ankafuna kuti tione n'chakuti khomo lolowera paguwa linkachepa pang'onopang'ono.

Pamene tinkaphunzira zimenezi, abambo rekita, mkulu wa nyumba yathu, ankalemba makalata ku maparishi kumene aliyense wa ife anabatizidwira. Lamulo limafuna kuti munthu asanalandire udikoni pabwere umboni watsopano wokopedwa m'kaundula weniweni wa parishi, osati khadi lakale lokha. Kalata yanga inapita ku parishi ina ya ku Kasungu. Makolo anga anakhalako zaka zingapo ngati matenanti pa esiteti ya fodya asanabwerere ku Ntcheu, ndipo ine ndinachokako ndisanayambe kukumbukira zinthu. Bambo anamwalira ndili ku sekondale.

Mayankho a anzanga anabwera limodzilimodzi. Langa linachedwa. Lachiwiri lina titadya chamasana, abambo rekita anandiitana ku ofesi. Anali munthu wa ku Tanzania, wofatsa, wosakonda kuzungulira. Anandiuza kuti ndikhale pansi, n'kundipatsa pepala.

Nambala inali ya pakhadi langa. Dzina linali langa. Mayina a bambo ndi amayi anali olondola, tsiku lobadwa linalinso lomwe lili pa pasipoti yanga. Koma m'danga lomaliza munali kamtanda kakang'ono, ndi mawu akuti mwanayo anamwalira asanakwanitse chaka, ndipo anaikidwa m'manda ndi katekisti wa pamalopo.

"Kaundula akunena kuti mwini khadi ili anamwalira," anatero abambo rekita. "Unali ndi mkulu wako?"

Ndinkadziwa kuti panali mwana amene anabadwa ine ndisanabadwe, n'kumwalira. Ndinamva kamodzi kokha, amayi akuyankha namwino amene anawafunsa kuti anabereka ana angati. Kwathu khanda likapita anthu salitchulatchula, ndipo ine sindinafunsepo dzina lake. Ndinawauza abambo rekita zimenezo.

"Sindikukuchotsa," anatero. "Koma mayina akupita kwa akuluakulu kutha kwa mwezi uno, ndipo lako sindingalitumize. Ngati sunabatizidwe, ulimbitso wako palibe, udikoni sungatheke. Funsa kwanu. Ufunse mofatsa."

Tsiku limenelo sindinaimbe foni. Mawa lakenso sindinaimbe. Lachinayi ndinakalowa m'kalasi monga mwa masiku onse, ndipo linali tsiku limene asisitere anafika pa nthawi imene Ayuda ankabwerera kuchokera ku ukapolo wa ku Babulo. Anafotokoza kuti anthuwo anabwerera ku dziko lopanda mfumu yawoyawo, kachisi ali bwinja. Mtundu unatsamira pa ansembe, ndipo mkulu wa ansembe anayamba kukula mpaka kukhala mutu wa anthu onse. Unsembe unakhala wa banja limodzi mwa Alevi, Alevi enawo n'kukhala othandiza, oyimba ndi olonda zipata. Tsono kuti munthu atumikire paguwa ankayenera kusonyeza mzere wa makolo ake wolembedwa.

Anatiuza kuti titsegule pa mndandanda wa mabanja amene anabwerera, tsamba lodzaza mayina limene palibe amaliwerenga. Chakumapeto kwake kunali mabanja atatu amene ankadziwa kuti ndi ansembe, koma atafunafuna mayina awo m'mabuku a mibadwo sanawapeze. Anachotsedwa pa unsembe. Anauzidwa kuti asadye chakudya chopatulika kufikira padzapezeke wansembe wotha kufunsa kwa Mulungu ndi maere aja.

"Maerewo anali atatayika kale," anatero asisitere. "Sitimva kuti anapezekanso."

Ndinakhala ndikuyang'ana tsambalo mpaka belu linalira. Anzanga anatuluka kukamwa chai. Ine ndinapita kuchipinda, ndinatulutsa khadi mu envulopu, n'kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo ngati pali china chimene ndinali ndisanachione.

Lamulungu masana ndinapita kumapeto kwa munda, pansi pa mtengo wa mapeyala pamene foni inkagwira bwino. Amayi anali atangobwera kutchalitchi. Chilowereni ine m'seminale yaikulu, amayi anali atayamba kundilankhula mwaulemu, kunditchula kuti inu, ngakhale ndinkawaletsa.

"Mwaswera bwanji kumeneko? Kukuzizirabe?"

Ndinati kukuzizira. Kenaka ndinawauza za kalata ya ku Kasungu. Ndinawawerengera monga inalembedwera, mpaka pa kamtanda paja. Ndinkamva nkhuku ndi wailesi ya anthu oyandikana nawo.

"Amayi, mukundimva?"

"Ndikukumva, mwanawe," anatero. "Dikira ndilowe m'nyumba."

Ndinamva chitseko chikutsekedwa. Ndiyeno anayamba kufotokoza, pang'onopang'ono, osalira.

Mwana woyamba uja anabatizidwa bwinobwino ndi wansembe, n'kupatsidwa khadi. Anamwalira ndi malungo. Patapita nthawi ndinabadwa ine, m'nyengo ya mvula. Ndili ndi masabata atatu ndinayamba kubanika. Bambo anali atapita ku maliro ku Ntcheu. Pakhomo panali amayi ndi akulu awo, amayi aakulu, amene anabwera kudzawathandiza uchembere. Anandibereka kumbuyo m'mawa, ulendo wa kuchipatala, koma atafika pamtsinje anapeza madzi adzaza mpaka m'mabango. Anakhala pagombe kudikira kuti aphwe. Dzuwa litafika pamutu ndinasiya kulira, manja n'kuyamba kuzizira.

"Akulu anga anati, mwanayu akupita. Anati, asapite chonchi. Katekisti anali tsidya lina. Panalibe mwamuna, panalibe aliyense. Tinali ndi kapu yapulasitiki imene tinatengera phala. Ndinatunga madzi a mumtsinje momwemo."

"Munathira ndinu?"

"Ndinathira ndine. Akulu anga anakugwira. Anati, dzina? Iwe unali ndi dzina la pakhomo lokha, lachikhristu tinkadikira bambo ako. Ndinatsegula pakamwa, ndipo limene linatuluka ndi la mkulu wako. Sindinalisankhe. Ndinali nditazolowera kuliitana."

Ndinawafunsa mawu amene ananena. Anawabwereza mosadodoma: ine ndikukubatiza m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera. Anati anathira katatu. Chakumadzulo kunabwera amuna ena a pa esiteti amene anawawolotsa, ndipo kuchipatala ndinachira.

Bambo atabwera, amayi anawauza zonse. Bambo anati nkhaniyi isatuluke. Ankaopa pakamwa pa anthu a pa esiteti, kuti adzanena kuti mkazi uyu waitana mwana wakufa kuti alowe mwa wamoyo. Ankaopanso kudzudzulidwa kutchalitchi. Anati mwana wabatizidwa kale, dzina ndi lomwelo, khadi lili m'sutikesi. Chaka chotsatira anasamuka. Itakwana nthawi yoti ndilembetse sukulu ndi ya Ukaristia woyamba, bambo anatsegula sutikesi ija.

"Zaka zonsezi ndakhala ndi mantha kuti ndinagwira ntchito imene si yanga," anatero amayi. "Utalowa seminale ndinkafuna kukuuza. Ndinkangoti mawa, mawa."

Ndimachita manyazi ndi zimene ndinayankha. Sindinawathokoze, sindinawatonthoze. Ndinangofunsa kuti, "Ndiye ine ndili ndi zaka zingati?" Anandiuza. Ndinali wamng'ono ndi zaka ziwiri kuposa mmene ndinkadziwira. Ndinakumbukira mmene ndinkakhalira wamfupi pamzere wa kusukulu, aphunzitsi n'kumati ndine wopinimbira. Ndinawauza amayi kuti mayunitsi akutha, ngakhale sankatha, n'kudula foni.

Abambo rekita anamvetsera zonse mawa lake. Anati ngati zinachitikadi choncho, ubatizowo ndi weniweni, pakuti pangozi ya imfa munthu aliyense angathe kubatiza. Zimenezo ndinkazidziwa, ndinali nditazilemba pamayeso. Koma anati pafunika umboni wolumbirira, uperekedwe pamaso pa wansembe kwathu, upite kwa ambuye episkopi, ndipo zimenezo sizingathe mwezi umodzi. Ndinawafunsa ngati ndipitirize kulandira Ukaristia. Anati iwo sakundiletsa. Koma ine mtima unakana. Kuyambira tsiku limenelo anzanga akamapita kutsogolo ndinkatsala pampando.

Anzanga analandira udikoni Loweruka lina kukuwala bwino. Ine ndinanyamula kandulo. Ndinaima pambali pa guwa iwo atagona chafufumimba pansi, mayina a oyera akuimbidwa. Abale awo anabwera ndi mabasi, ena kuchokera kutali, ndipo panali nthungululu zambiri. Pachakudya mayi wina, mayi wake wa mnzanga wa ku Uganda, anandifunsa kuti ine ndi wa chaka chiti. Ndinati ndidzalandira chaka chamawa. Sindinkadziwa ngati ndikunena zoona.

Podikira yankho ananditumiza kukathandiza pa parishi ina pafupi ndi Industrial Area. Ndinachoka kumalo a mitengo ndi bata n'kukakhala pakati pa nyumba zamalata zothithikana, utsi wa mafakitale ndi malole odutsa tsiku lonse. M'mawa kwambiri misewu inkadzaza anthu oyenda pansi kupita ku mageti a makampani kukadikira ganyu. Ntchito yanga inali kuphunzitsa akuluakulu okonzekera ubatizo, Lamulungu masana, ndi kuyendera timagulu ta akhristu ta m'makwalala timene kumeneko amati jumuiya, ngati miphakati ya kwathu. Chiswahili changa chinali chothyokathyoka, koma ankandipirira. Ndinkaphunzitsa anthu za ubatizo ine mwini ndisakudziwa kuti mabuku adzanena chiyani za wanga. Amayi ndinkawaimbirabe Lamulungu, koma tinkangokamba za mvula ndi za mbuzi zawo, mphindi zochepa, n'kutsazikana. Anali atabwereranso kunditchula kuti inu.

Patatha miyezi iwiri ndinakwera matatu kupita m'tauni, ndinadutsa m'chipiringu cha pasiteji, n'kukwera ina ya ku Karen kukaona asisitere aja kunyumba kwawo. Anandilandira m'kachipinda ka alendo, anaitanitsa chai. Nkhani yanga anali ataimva kale.

Ndinawafunsa za mabanja atatu aja. Ndinkafuna kudziwa kuti zinawathera bwanji.

"Banja limodzi dzina lake limapezekanso patsogolo, munthu wa m'banjamo akugwira ntchito ya ansembe pakachisi," anatero. "Zikuoneka kuti linabwezeretsedwa. Sitidziwa kuti zinatheka bwanji. Za awiri enawo sitimvanso kanthu."

Ndinanena mawu owawa okhudza anthu amene amakhulupirira pepala kuposa munthu. Anandilola kuti ndimalize.

"Usawanyoze olemba mabuku aja," anatero. "Anali anthu amene analandidwa dziko, mfumu, kachisi, manda a makolo awo. Chimene anabwera nacho m'manja ndi mayina basi. Munthu wotere akagwira dzina amaligwira zolimba, mpaka kupweteka nalo m'bale wake. Ndipo katekisti amene analemba kamtanda kaja ku Kasungu anachita bwino. Pakanapanda iye, mkulu wako akanakhala ngati sanabadweko."

Zimenezo ndinali ndisanaziganize. Miyezi yonseyo ndinkaona kamtandako ngati chinthu chimene chinanditsekera njira, osati ngati malo okhawo padziko pamene imfa ya mwana uja inalembedwa.

"Wawakwiyira amayi ako?" anandifunsa.

Ndinavomera.

"Chifukwa cha madzi aja, kapena chifukwa cha khadi?"

Ndinati chifukwa cha khadi, ndi chifukwa chokhala chete.

"Iwo akudziwa zimenezo? Kapena akuganiza kuti wakwiyira zonse?"

Anamwa chai wawo, kenaka anati mabanja aja anauzidwa kudikira chinthu chimene chinali chitatayika, koma ine mboni zanga zinali zamoyo, ndipo imodzi inali yokalamba. Anandiuza kuti ndisachedwe.

Ndinaimba foni tsiku lomwelo ndili pasiteji ya ku Karen, matatu zikuitanira anthu. Ndinawauza amayi kuti zimene anachita pamtsinje paja sizinali tchimo, kuti Mpingo umaphunzitsa zomwezo, ndipo mayi aliyense woona mwana wake akupita ayenera kuchita chimodzimodzi. Ndinawauza kuti ubatizo umene ndili nawo ndi umenewo, palibenso wina. Anandifunsa kawiri ngati ndikunena zoona kapena ndikungowatonthoza. Ndinati ndinaziphunzira m'kalasi ndipo ndinakhoza. Anaseka pang'ono, kenaka analira, koyamba chiyambireni nkhaniyi. Apo m'pamene anaulula kuti bambo mfumu anali atawaitana kawiri kuti akapereke umboni, koma iwo ankazengereza, poganiza kuti akukaweruzidwa.

Anapita sabata yotsatira pamodzi ndi amayi aakulu, amene tsopano maso anali atachita khungu, ndipo anawakweza pa njinga ya kabaza. Bambo mfumu anawafunsa aliyense payekha, atagwira Malemba. Amayi anandiuza pambuyo pake kuti akulu awo atafunsidwa ngati anali madzi enieni, anayankha kuti anali amatope koma anali madzi, ndipo ngati abambo akufuna angathe kuwalondolera pamene anatungidwa. Mawu a awiriwo anafanana. Onse anasaina, amayi ndi cholembera, amayi aakulu ndi chala.

Mapepala anayenda ulendo wawo, kuchoka ku Ntcheu kupita kwa ambuye episkopi, kuchoka uko kupita ku Kasungu. Panapita miyezi ina inayi. Amayi aakulu anamwalira yankho lisanabwere, ndipo sindinathe kupita ku maliro.

Abambo rekita anabwera okha ku parishi kuja kudzandipatsa kalata. Anandipeza ndikusesa m'kalasi ya katekisimu. Ambuye episkopi anavomereza umboniwo, ndipo analamula kuti ubatizo wanga ulembedwe m'kaundula wa ku Kasungu, pa nambala yatsopano. Ndinawerenga pepalalo nditaimirira. Panali tsiku langa lenileni lobadwa, limene ndinaliona lolembedwa koyamba. Pa malo a ubatizo analemba kuti pagombe la mtsinje, pangozi ya imfa. Pa danga la mboni panali dzina la amayi aakulu. Pa danga la wobatiza, pamene pamakhala dzina la wansembe, panali dzina la amayi.

M'mawa mwake pa Misa ndinaima pamzere pakati pa amayi ogulitsa masamba ndi abambo ovala maovolosi a kufakitale, ndipo ndinalandira Ukaristia.

Udikoni ndinalandira chaka chotsatira pamodzi ndi a kalasi ya pambuyo pathu, unsembe chaka chinacho. Asisitere anali atapuma ntchito n'kubwerera kwawo kumapiri, ndipo ananditumizira kakalata ka mizere itatu. Pasipoti ndi makalata a sukulu sindinasinthe. Ndinafunsa kumaofesi, ndipo njira yake inali yaitali moti ndinaisiya. Mpaka lero boma limandidziwa ndi tsiku lobadwa la mkulu wanga, Mpingo ndi langa. Amayi anakalapabe kwa bambo mfumu. Ndinawauza kuti za pamtsinje sizifunika kulapa, ndipo anati akudziwa, akukalapa za sutikesi.

Pa tchuthi changa choyamba nditadzozedwa ndinawapempha kuti tipite ku Kasungu. Tinakwera basi, kenaka njinga zamoto. Esiteti ija inali itagawidwa minda ya chimanga, zigafa za fodya zitagwa. Amayi anasochera kawiri asanazindikire mtengo wa mkuyu umene unali pafupi ndi nyumba za matenanti. Manda tinawapeza, kankhalango kakang'ono pakati pa minda, ndipo mwini munda woyandikana nawo anatiperekeza kwa oyang'anira mandawo kuti atilole kulowa. Mbali ya makanda inali ya kumadzulo. Panalibe mitanda, panalibe mitumbira yooneka, udzu wokhawokha ndi masamba ouma. Amayi anayenda uku ndi uku, akuima, akuyang'ana mitengo. Pomaliza anati sakudziwa.

Tinagwada pamene tinaima. Ndinavala stola, nsalu ija wansembe amakoleka m'khosi, n'kuyamba mapemphero a akufa. Nditafika potchula dzina la womwalirayo mawu anandithera, pakuti linali dzina langa, ndipo ndinali ndisanalitchulepo chotero. Amayi analitchula iwo. Ine ndinapitiriza mpaka kumapeto.

Tinatuluka m'mandamo, tinasamba m'manja ndi madzi amene mwini munda uja anatibweretsera m'chigubu, n'kumuthokoza. Amayi anati tifulumire kuti tikapeze basi ya masana, chifukwa mbuzi anazisiya m'manja mwa anthu.